Nyali Yofiira ya Oyilo: Wakutsina Khutu ndi Mnansi

M'chilimwe chapitachi ndidakwera galimoto yonyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Nthalire kupita pa boma la Chitipa, kukatenga mabuku a sukulu imene ndimaphunzitsa. Woyendetsa adali mnyamata amene ndidamuphunzitsapo sayansi, ndipo mwa ulemu adandikhazika kutsogolo. Titadutsa pa Wenya, tili pa chitunda, nyali yofiira yooneka ngati kaketulo kodontha idayamba kuphethira patsogolo pake. Nditamulozera adangoseka nati, "Musadandaule aphunzitsi, imatero imeneyi. Tikathira oyilo pa boma." Anthu akumbuyo nawonso adafuula kuti tifulumire popeza dzuwa lidali litapendeka. Ine ndidakhala chete, poopa kuoneka ngati wodziwa zonse.

Pa Chisenga sitidafike. Injini idayamba kugogoda ngati munthu akusula khasu, kenaka idazima. Tidagona m'mbali mwa msewu, galimotoyo idakhala miyezi ingapo isakuyenda, ndipo mnyamata uja ntchito idamuthera pomwepo. Mlandu umenewu ndimadziimbanso mwini, pakuti ndidamuphunzitsa za kukhulana kwa zitsulo kuti akhoze mayeso, koma sindidamuuzepo tanthauzo la nyali imene idamulanda nsima.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka galimoto ili pa ulendo, woyendetsa aime ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Ambiri amaganiza kuti nyaliyi imanena kuti oyilo wachepa pang'ono, monga momwe muvi wa petulo umachitira, ndi kuti munthu angathe kukathira akafika. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo aphetsa injini zambiri.

Tiyeni tione m'mene oyilo amagwirira ntchito. Pansi pa injini pali beseni limene amakaniko amalitcha sampu. Pampu imakoka oyilo m'menemo, kumudutsitsa mu fyuluta, ndi kumukankha mwamphamvu m'timisewu ting'onoting'ono kufikira ku maberingi a chitsulo chachikulu chozunguzidwa ndi mapisitoni. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti chitsulocho chikuzungulira ka 50 pa sekondi iliyonse. Chimene chimaletsa zitsulozi kukhudzana ndi kaoyilo kopyapyala kwambiri, kamene kamakhalapo pokhapokha pampu ikukankha. Nyali yofiira idalumikizidwa ku kachipangizo koyeza mphamvu ya kukankhako. Ikayaka ndiye kuti mphamvuyo yagwa, zitsulo zayamba kudyana, ndipo pa mphindi zochepa chabe maberingi angathe kupsa. Apo ndi pamene timamva kuti injini yanoka.

Nyaliyi imayenera kuyaka mukangotembenuza kiyi, ndi kuzima patapita masekondi ochepa injini italira. Ngati siyaka konse potembenuza kiyi, mwina babu lake lidapsa kapena wina adalichotsa, ndipo wogula galimoto yakale achenjere ndi chinyengo chotere. Galimoto zina za makono zilinso ndi nyali yachikasu yonena kuti oyilo watsika. Imeneyo imapatsa munthu mpata wofika pamalo apafupi ndi kuonjezera. Yofiira ilibe mpata wotero.

Mukaima, dikirani mphindi zisanu kapena khumi kuti oyilo abwerere mu sampu. Solorani kachitsulo koyezera oyilo, mukapukute, mukabwezeremo, ndi kukasololanso. Kali ndi zizindikiro ziwiri, ndipo oyilo ayenera kukhala pakati pa ziwirizo. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono, kuchokera pa chizindikiro chapansi kufika chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Ngati oyilo wachepa, onjezerani, suzumirani pansi ngati sakudontha, ndipo lizani injini. Nyali ikazima mungathe kuyenda mosamala. Koma ikakhalabe yoyaka oyilo ali wokwanira, vuto lingakhale pa pampu, pa sefa wa mu sampu, pa maberingi okutha, kapena pa kachipangizo koyeza kaja. Zimenezi sizidziwika ndi maso pa msewu, choncho galimotoyo ikokedwe kapena makaniko aitanidwe.

Ndikudziwa chimene oyendetsa galimoto angandiyankhe. Adzati kuima m'thengo ndi anthu odzaza, wina akudwala, wina akuthamangira msika, n'kovuta, ndipo mwini galimoto amafuna ndalama zake madzulo. Zimenezi n'zoona. Komatu kuthamanga si kufika. Injini yopanda oyilo idzaimabe, ndipo idzaima pamalo pamene simudasankhe. Kusiyana kwake n'kwakuti woima msanga amagula lita imodzi kapena ziwiri za oyilo, pamene wokakamira amagula injini. Kuno kwathu zitsulo za galimoto sizili pafupi. Munthu amazilondola ku Karonga, ku Mzuzu, ngakhale kuoloka malire kukafika ku Tunduma m'dziko la Tanzania, ndipo masiku onsewo galimoto ili chiimire.

Chofunika koposa n'chakuti nyaliyo isafike poyaka. Msewu wa tara wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, umene udamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China, udachepetsa mavuto a ulendo umenewo. Koma amene amapita ku midzi ya ku Misuku, ku Kameme kapena ku Nthalire amadziwa fumbi la m'chilimwe ndi zitunda zimene injini imakwera ikulira kwambiri. Fumbi lolowa mu injini limasanduka ngati mchenga wokwechesa zitsulo, ndipo kutentha kumakalambitsa oyilo msanga. N'chifukwa chake opanga galimoto amalangiza kusintha oyilo pafupipafupi m'misewu yotere, ambiri mwa iwo pa makilomita 5,000 aliwonse kapena pa miyezi isanu ndi umodzi. Buku la galimoto yanu ndilo lili ndi mawu otsiriza. Fyuluta ya mpweya nayonso iziyang'anidwa kawirikawiri.

Kusintha oyilo si ntchito yovuta. Lizani injini pang'ono kuti oyilo afunde, muimike galimoto pamalo osatsetsereka, ndipo musalowe pansi pake itangokwezedwa ndi jeki yokha. Masulani bauti ya pansi pa sampu, oyilo akhuthukire m'beseni. Chotsani fyuluta yakale, pakani kaoyilo pa mphira wa yatsopano, ndi kuimanga ndi manja. Bwezerani bauti ija, thirani muyeso wolembedwa m'buku, umene pa galimoto zing'onozing'ono umakhala malita atatu kapena anayi, lizani injini, onani ngati nyali yazima ndi ngati palibe podontha, kenaka yezaninso. Lembani tsiku ndi makilomita m'kabuku. Manambala a pa chigubu monga 15W-40 kapena 5W-30 amanena za kulimba kwa oyilo pozizira ndi potentha, ndipo mugule amene injini yanu idapangidwira, m'chigubu chomatidwa, osati wa m'mabotolo otsekula amene chiyambi chake sichidziwika. Oyilo wakale musamutaye mu mtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Mukaona oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti madzi alowamo, ndipo makaniko aone injiniyo.

Kwa inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu n'kuyamba kabaza wa njinga yamoto, nkhaniyi ikukhudzani koposa. Njinga zambiri zing'onozing'ono zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, oyilo yemweyo amasamaliranso magiya ndi kilachi, ndipo zambiri zilibe nyali yochenjeza. Choncho yezani oyilo m'mawa uliwonse musadanyamule munthu woyamba, ndipo muzimusintha msanga kuposa wa galimoto.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi ili. Pophunzitsa za kukhulana kwa zinthu, tulutsani ana m'kalasi, mupemphe galimoto kapena njinga yamoto imene yaima pa sukulu, ndipo mwana aliyense asolole kachitsulo koyezera ndi dzanja lake. Phunziro limenelo silingapose theka la ola. Ndipo kwa ife tonse okwera, nyali yofiira ikayaka tisamakakamize woyendetsa kupitirira. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kanyali kaja katsina khutu kuti tonse tikafike. Ine ndidakhala chete pa Wenya, koma tsiku lina ndikadzaionanso nyaliyo ndidzapempha woyendetsa kuti aime, ngakhale anthu akumbuyo adandaule.