Chenjezo kwa Amalawi a ku Scotland pa za riferendamu yachiwiri

Abale ndi alongo amene mukukhala ku Glasgow, Edinburgh, Aberdeen, Dundee ndi madera ena a Scotland, tcherani khutu. Nkhani yobwereza riferendamu yoti Scotland ichoke mu United Kingdom siichoka pakamwa pa andale, ndipo chisankho chikangoyandikira imabukanso. Musatengeke nayo musanamve zomwe lamulo likunena. Ambiri mwa inu muli ndi ufulu wovota, koma ena mukhoza kudziputira mlandu mosadziwa.

Munthu akakuuzani kuti tsiku la riferendamu lakonzedwa, mufunseni ngati boma la ku London lavomera. Pa 23 Novembala 2022 khothi lalikulu la Supreme Court lidagamula kuti nyumba ya malamulo ya Scotland ilibe mphamvu yoitanitsa payokha voti yochoka mu United Kingdom popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo ya Westminster. Apa n'kuti Nicola Sturgeon, yemwe ankatsogolera boma la Scotland, atalengeza kale tsiku lake, 19 Okutobala 2023. Tsikulo lidafika n'kudutsa, palibe amene adaponya voti.

Riferendamu ya pa 18 Seputembala 2014 idatheka chifukwa David Cameron, yemwe ankatsogolera boma la ku London, ndi Alex Salmond, yemwe ankatsogolera la Scotland, adayamba asainirana pangano ku Edinburgh mu 2012. Funso lidali limodzi, malamulo ake odziwika kwa onse. Anthu pafupifupi 85 mwa 100 alionse olembetsa adakavota. 55 peresenti adati Scotland ikhalebe, 45 adati ichoke. Ogonja adalira, Salmond adalengeza mawa lake kuti akutula pansi udindo, koma atsogoleri a mbali zonse ziwiri adavomereza zotsatira. Akuluakulu a kwathu akukumbukira riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe nyali ya zipani zambiri idagonjetsa tambala wa chipani chimodzi: Kamuzu adavomera chifukwa riferendamuyo adaiitanitsa ndi iye mwini.

Ofuna kubwereza ali ndi mfundo, tisawanamizire. Mu 2014 ankauzidwa kuti njira yokhalirabe mu European Union ndi kusachoka mu United Kingdom. Patangopita zaka ziwiri, pa 23 Juni 2016, anthu 62 mwa 100 alionse a ku Scotland adavota kuti akhalebe mu EU, makhonsolo onse 32 adagwirizana chimodzi, koma mavoti a England ndi Wales adawakoka, ndipo pa 31 Januwale 2020 adatuluka nawo limodzi. Otsutsa nawonso amakumbutsa kuti Salmond yemweyo adanena kuti mwayi wotere umabwera kamodzi pa m'badwo, ndipo amafunsa kuti mudzavota kangati mpaka yankho likukomereni. Ine ndimaona kuti zinthu zikasintha kwambiri chotere, kufunsanso anthu si kulakwa. Chondiopsa ndi voti yochitika mbali imodzi itakana.

Onani zidachitika ku Catalonia. Pa 1 Okutobala 2017 boma la chigawocho lidachititsa riferendamu yomwe khothi la Spain lidali litaletsa. Apolisi adathyola zitseko za masukulu momwe munkavoteredwa, adalanda mabokosi, anthu adamenyedwa ali pamzere. Ambiri osafuna kuchoka adangokhala kunyumba, choncho zotsatira sizidathetse mkangano. Mtsogoleri wa chigawocho, Carles Puigdemont, adathawira ku Belgium, ndipo mu 2019 atsogoleri asanu ndi anayi adalamulidwa kukakhala kundende zaka zoyambira 9 mpaka 13. Catalonia mpaka lero ili mu Spain. Nzika ikagwidwa pa chipwirikiti chotere imakayankha kukhothi n'kubwerera kwawo. Mlendo wokhala pa viza mlandu umamutsata mpaka pa tsiku lokawonjezera mapepala.

Pa mapepala pomwepa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Nkhani za viza ndi chilolezo chokhala m'dzikomo zili m'manja mwa Home Office, pansi pa boma la ku London. Boma la ku Edinburgh silipereka viza. Amene mudalowa pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala mukudziwa bwino. Anthu a ku Ulaya atasiya kulowa mwaufulu kumapeto kwa 2020, ogwira ntchito adasowa, khomo lidatsegulidwa kwa ife mu Febuluwale 2022. Mu Malichi 2024 adaletsa obwera kumene kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mu Julayi 2025 adatseka kulemba antchitowa kuchokera kunja. Zonsezi zidalamulidwa ku London. Tsono wina akabwera patchalitchi kapena pagulu la WhatsApp n'kunena kuti mukasaina apa, mukasonkha mapaundi angapo, Scotland ikadzadziimira payokha mapepala anu adzatuluka msanga, akukugulitsani mbuzi ya m'khola la eni. Musamupatse pasipoti, nambala ya National Insurance kapena chithunzi cha chitupa chanu.

Sindikunena kuti mudzipatule. Mu 2014 Mmalawi wokhala ku Glasgow movomerezeka adali ndi voti monga nzika ya Commonwealth, pomwe mbadwa ya Glasgow yomwe idasamukira ku London idalibe. Kuyambira 2020, mlendo aliyense wokhala ku Scotland ndi chilolezo, kuphatikizapo othawa kwawo amene adalandiridwa, amavota pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya Scotland ndi cha makhonsolo, kuyambira zaka 16. Ana anu a kusekondale nawonso akuwerengedwa. Andale akagogoda pakhomo, afunseni za ndalama yomwe Scotland yodziimira ingagwiritse ntchito, za malire ndi England komwe ena muli ndi abale, ndi za viza yomwe mwanyamulayo.

Koma inu amene pempho lanu lothawira kuno likudikirabe yankho, kapena amene viza idatha, musalembetse m'kaundula wa ovota ngakhale mnzanu akukakamizeni bwanji. Kulemba zabodza pa fomu imeneyo ndi mlandu. Enanu amene mapepala ali bwino, lembetsani nokha pa tsamba la boma la gov.uk kapena ku ofesi yolembetsa ovota ya dera lanu. Salipiritsa. Ngati mwasamuka nyumba, lembetsaninso pa adiresi yatsopano, chifukwa dzina silikutsatani lokha.