TIKAMBIRANE ZA UMOYO: Chala chimodzi sichiswa nsabwe

 Lero kuno ku Milange tikambe za khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene atha amayi ambiri mbali zonse ziwiri za malire.

Khansa ikakula kufika poti opaleshoni singathandize, madokotala amaiwotcha ndi makina a radiotherapy. Makinawa amatumiza mphamvu yosaoneka imene imapha maselo a khansa pamalo pomwe pali chotupa. Koma maselo ena amapulumuka, chifukwa khansa imadziwa kugoneka asilikali a chitetezo cha m'thupi kuti asaigwire. Tsono kunabwera mankhwala otchedwa pembrolizumab amene ntchito yake ndi kudzutsa asilikaliwo. Makina akaphwanya chotupa, asilikali amamuzindikira mdani n'kuyamba kumusaka. Ndi monga kutentha tchire agalu ali tcheru.

Madokotala anayesa njirayi pa amayi 1,060 m'mayiko 30. Onse anawotchedwa ndi makina n'kulandira mankhwala a khansa a nthawi zonse, koma theka anawonjezeredwa pembrolizumab. Patatha zaka zitatu, mwa amayi 100 alionse amene analandira mankhwala atsopanowo, 83 anali moyo. Mwa enawo anali 75. Dziko la America linavomereza njirayi mu 2024.

Nkhani yabwino ndithu, koma tinene zoona. Makina owotchera khansa anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu 2019, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera kuno. Ku Blantyre anafika mu 2024, koma m'chipatala cholipira. Nawo mankhwala atsopanowo mtengo wake ndi woti ngakhale mutagulitsa nandolo yense wa m'mudzi simungaukwanitse. Komanso si onse amachira nawo, ndipo ena amadwala chifukwa asilikali aja akadzuka amathanso kulimbana ndi thupi lomwe.

Nanga ife tili ndi chiyani m'manja? Zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuyezetsa. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kuwonongeka pamayera. Akapapeza msanga amathana napo khansa isanayambe, mayi n'kubwerera kwawo. Chachiwiri ndi katemera wa HPV, amene boma la Mozambique linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2021. Katemerayu sapha mphamvu yobereka ayi, amatsekereza kachilombo koyambitsa khansayi.

Amayi, mukaona magazi nthawi yosayenera, kapena mutasiya kale kusamba, kapenanso mukatha kukhala malo amodzi ndi bambo, musabise. Amene muli ndi HIV yezetsani kawirikawiri, chifukwa khansayi imakupezani msanga. Inu abambo, pakani mafuta njinga muwaperekeze amayi ku chipatala. Ulendo wa pa boma pano ndi waufupi kusiyana ndi wa ku Maputo.