Marx anandigonetsa m'minibasi

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mayi anga anandiimbira foni. "Iwe unapita ku yunivesite, tandiuza. Shuga wakwera bwanji pomwe nzimbe zake n'za ku Dwangwa konkuno?" Ndinachita chibwibwi. Digiri ndili nayo, koma yankho ndinalibe.

Manyazi amenewo ndi amene anandipititsa ku Old Town, kwa anyamata oyala mabuku akale pakhonde la sitolo. Ndinagula Capital, buku la Karl Marx la mu 1867, lonenepa ngati njerwa. Ndinkati ndikalimaliza sindidzasowanso chonena.

Abale, mutu woyamba ndi phiri. Marx amatenga mayadi 20 a nsalu n'kuwayerekeza ndi jekete limodzi, kenako n'kumazungulira pomwepo masamba ambirimbiri pofuna kufotokoza chimene chimapatsa katundu mtengo. Kawiri konse ndinagona nalo m'minibasi yopita ku City Centre, mpaka kondakitala kundigwedeza.

Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye tebulo limodzi ku National Library anandiona ndikuyasamula. Anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, walowera pazenera. Yamba ndi mutu 10." Anandiuzanso kuti nthawi ya Kamuzu mabuku otere ankaletsedwa, ndipo ofuna kuwerenga ankachita kubisa.

Mutu 10 umakamba za kutalika kwa tsiku la ntchito, ndipo umawerengeka ngati nyuzipepala. Muli malipoti a oyendera mafakitale ku England, ana opanga machesi, ndi mtsikana wa zaka 20 wosoka zovala ku London amene anamwalira mu 1863 atagwira ntchito maola oposa 26 osapuma. Ndinakumbukira azakhali anga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10. Amalowa kusanache, amaweruka kutada, malipiro ndi omwewo. Mwini wake Marx ankadziwa kuti poyambira pake ndi povuta, moti analangiza mkazi wa mnzake kuti ayambe ndi mutu womwewu.

Adam Smith ndi wosiyana. Buku lake la mu 1776, The Wealth of Nations, limakulandira bwino ndi nkhani ya anthu 10 amene atagawana ntchito ankapanga mapini 48,000 patsiku. Aliyense amene anaonapo amisiri a mipando, wina akucheka, wina akukhoma, wina akupaka vanishi, amva msanga. Koma mukalowa mkati mupeza masamba ochuluka onena za mtengo wa siliva zaka mazana zapitazo. Pamenepo dumphani, si tchimo.

Ngati mwana wanu akufuna poyambira, The Communist Manifesto ya mu 1848 ndi yaifupi, imatha usiku umodzi. How Europe Underdeveloped Africa, imene Walter Rodney anatulutsa mu 1972 akuphunzitsa ku Dar es Salaam, ndiyo inandikhudza kwambiri, chifukwa imafotokoza m'Chingerezi chosavuta chifukwa chake timatumiza kunja fodya ndi tiyi n'kumagulako makina.

Sindikuti mugwirizane ndi olembawa. Ena anaphonya zambiri, ndipo amatsutsana okhaokha. Koma mukalowa ndi funso lanulanu, la lendi kapena la mtengo wa feteleza, bukulo limayamba kuyankhula. Mukalowa kuti anthu akuoneni, mugona ngati ine.

Mayi ndinawayankha patapita miyezi. Yankho sindinalipeze pa tsamba limodzi, koma mabukuwa anandiphunzitsa kulondola katundu kumene wachokera. Nzimbe n'zathu, koma mafuta a mathirakitala, feteleza ndi zipangizo za makina timagula ndi madola. Anangoti, "Oho, ndiye bwanji sunanene tsiku lomwe lija?"