MAU A MLANGIZI: Anankafumbwe a m'thumba la penshoni

Alimi anzanga, sabata ino tisiye pang'ono za kumunda, tikambe za ndalama zosungira ukalamba. Ambiri a inu muli ndi ana olembedwa nchito ya pamwezi, ndipo mumamva akudandaula kuti amawadula ndalama za penshoni. Tsono ndifuna ndikuuzeni m'mene anthu a ku Australia amasankhira kosunga ndalama zotere, pakuti iwo anayamba kale, ndipo pena anapunthwa.

Kumeneko ndalamazi amazitcha superannuation, kapena kungoti super. Mu 1992 Boma lao linalamula kuti wolemba anthu nchito aziikira wanchito wake madola osachepera 3 pa madola 100 alionse a malipiro ake. Anakhala akuonjezera pang'ono pang'ono, ndipo kuyambira pa 1 July 2025 ndi madola 12. Ndalamazo sapatsidwa mwini wake m'manja ai. Zimapita ku thumba, ndipo oyang'anira thumbalo amachita nazo malonda kuti ziswane, kufikira mwini atakwana zaka 60 ndi kupuma nchito. Wokama ng'ombe pa famu ya munthu wina lamuloli limamteteza, koma mlimi wolima payekha, wosalembedwa ndi munthu, sakakamizidwa. Iye asunga akafuna, monga inu ndi ine.

Matumbawo ndi ambiri. Ena eni ake ndi makampani ofuna phindu, ena anayambitsidwa ndi mabungwe a anchito pamodzi ndi mabwana ao, ndipo phindu lake limatsalira osunga. Kuyambira mu 2005 anchito ambiri ali ndi ufulu wosankha thumba limene afuna. Nanga munthu asankhe bwanji, popeza thumba liri lonse limadzitama?

Apa ndi pamene ndifuna mumvetsetse. Thumba liri lonse limadula ndalama chaka ndi chaka, malipiro a okusungirani. Zodulazo zimaoneka zochepa, koma ziri ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Mukayang'ana nkhokwe mu June iri yodzaza bwino. Mukadzapasula mu January mupeza ufa wokhawokha pansi. Bungwe la Boma lotchedwa Productivity Commission linafufuza zimenezi, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2019. Linapeza kuti thumba likamadula masenti 50 okha oposa linzake pa madola 100 alionse pachaka, wanchito wamba amadzapuma nchito ndalama zake zitachepa ndi madola 12 pa 100 alionse, ndiye kuti pafupifupi madola 100,000. Taganizani, madengu 12 pa madengu 100 a chimanga chanu! Chifukwa chake n'chakuti senti yodulidwa lero ikadaswa ina, inayo n'kuswanso ina, zaka makumi anai.

Bvuto lina linali la anthu osinthasintha nchito. Munthu akalowa kwa bwana watsopano osanena kanthu, ankamtsegulira buku lina ku thumba lina, ndipo buku liri lonse likudulidwa palokha. Bungwe lija linapeza mabuku otere okwana pafupifupi 10 miliyoni, amene ankadya madola 2.6 biliyoni pachaka. Kuyambira pa 1 November 2021 thumba limamtsata munthu kuli konse akalembedwa nchito, pokhapokha iye mwini atasankha lina.

Chaka chomwecho cha 2021 Boma linayamba kuyesa matumba mayeso, kupyolera m'bungwe loyang'anira la APRA. Pa matumba 76 amene anayesedwa poyamba, 13 analephera. Thumba lolephera liyenera kulembera kalata anthu ake kuwauza kuti lalephera, ndipo likalephera zaka ziwiri zotsatizana sililoledwa kulandira anthu atsopano. Ine ndiona kuti lamulo ili n'labwino ndithu, koma kalata siyenda yokha. Wolandira kalatayo akaiika pansi pa mphasa, ndalama zake zikhalabe momwemo.

Poyerekeza matumba, musamangoona phindu la chaka chimodzi. Mbeu ya chimanga sitiiyamika chifukwa cha chaka chimodzi cha mvula yabwino; timaiona pa chilala ndi pa mvula yambiri yomwe. Chomwechonso thumba: funsani phindu la zaka zisanu kapena khumi, atachotsa kale zodula zonse. Wokuuzani phindu osanena zodula akukuonetsani denga la nkhokwe, osati m'kati mwake.

Kuno kwathu lamulo la penshoni linayamba kugwira nchito mu 2011. Bwana amaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wanchito amaika K5. Tsono mwana wanu akadzabwera kumudzi, mukhale naye pansi. Mfunseni dzina la kampani imene imasunga ndalama zake. Mfunseni ngati anaona kalata yosonyeza ndalama zimene zalowa ndi zimene zadulidwa. Makamaka aonetsetse kuti zimene bwana amamdula pamwezi zikufikadi ku thumba, pakuti alipo mabwana ena amene amadula koma osatumiza. Akapeza zotere, akadandaule kwa Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank of Malawi, atatenga mapepala ake a malipiro.

Sabata ya mawa tidzabwerera kumunda. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Mlangizi