Galimoto Isadye Nsima ya Mwana

M'maiko ambiri mwamveka mawu okoma akuti mafuta oyendetsera galimoto azichokera m'munda, osati pansi pa nthaka. Eni mawuwo amati petulo adzatha, koma mbewu imadzalidwa chaka ndi chaka. Amatinso mpweya woipa umene galimoto itulutsa, mbewu yatsopano idzaumwa pokula, kotero dziko silidzatentha. M'mawu awa muli zoona, koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wanzeru amayamba waing'amba nkhuyuyo asanaidye.

Mafuta otere amapangidwa monga momwe amatchezera kachasu. Madzi a nzimbe kapena phala la chimanga amazisiya kuti zisase, kenaka nkuzitcheza. Chotulukacho dzina lake ndi ethanol, ndipo amachisakaniza ndi petulo. Enanso amayenga mafuta a mbewu kuti alowe m'malo mwa dizilo.

Tsono funso loyamba nali: mafutawo adya chakudya cha yani? Ku America lamulo la 2005 linakakamiza kusakaniza mafuta a zomera ndi petulo, ndipo la 2007 linawonjezera muyeso wake. Zitatero, chimanga choposa limodzi mwa magawo atatu a zokolola za dzikolo chinayamba kupita kukatchezedwa. Thumba la makilogalamu 50 limatulutsa malita 20 okha, osakwana kudzaza galimoto imodzi. Komatu thumba lomwelo likhoza kusunga munthu wamkulu miyezi itatu! Mu Januwale 2007 anthu zikwizikwi anayenda m'misewu ya Mexico City kudandaula kuti chakudya chawo cha chimanga chakwera mtengo. Zifukwa zinalipo zingapo, koma njala ya magalimoto inali m'gulumo. Oikira kumbuyo ntchitoyi amayankha kuti masese otsala amadyetsa ng'ombe. Inde, amadyetsadi, koma kodi mwana wa mmphawi adzalawa liti nyama ya ng'ombeyo?

Funso lachiwiri: mbewuyo yadzalidwa pa malo a chiyani? Ku Indonesia nkhalango zazikulu zinagwetsedwa kuti padzalidwe kanjedza wa mafuta, ndipo ena mwa mafutawo ankapita ku Ulaya kukayendetsa galimoto. Madambo a nthaka yakuda ya zomera zowolerana anaumitsidwa, ndipo nthaka yotere ikagwira moto imanyeka pansipansi kwa milungu yambiri. Mu 2015 utsi wa moto wa m'dzikomo unaphimba Singapore ndi Malaysia, masukulu nkutsekedwa. Nkhalango imasunga mpweya woipa m'mitengo ndi m'nthaka yake. Woitentha amautulutsa wonse nthawi imodzi, ndipo ngongole imeneyo munda watsopano sungaibweze ngakhale patapita zaka makumi ambiri. Uku nkugwetsa nkhokwe pofuna nkhuni zophikira. Maiko a ku Ulaya atazindikira ichi, anapangana kuti pofika 2030 aleke kuwerenga mafuta a kanjedza ngati mafuta osamala dziko.

Kodi tsono mafuta a m'munda akanidwe onse? Iyayi. Dziko la Brazil linayamba ntchito yaikulu ya ethanol wa nzimbe mu 1975, ndipo makoko a nzimbe zofinya ndiwo amasonkhezera moto wa fakitale, kotero malasha safunika. Ku Malawi, ethanol anayamba kutchezedwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ku Chikwawa mu 2004. Kumeneko amatcheza molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga, osati chimanga cha m'nkhokwe. Njira iyi ndiyo yolongosoka, pakuti chotsala ndicho chimasanduka chuma.

Ngakhale pamenepo maso asagone, pakuti walira mvula walira matope. Nzimbe imamwa madzi ambiri. Ndiponso pa lita imodzi ya ethanol pamatsala malita oposa 10 a madzi onunkha, amene akathiridwa mumtsinje amapha nsomba, koma akamwazidwa m'munda mwa muyeso amakhala manyowa.

Chifukwa chake mfumu, mlimi ndi wopanga malamulo asakopeke ndi dzina lokoma. Mlendo akadza kudzapempha malo odzalapo mbewu za mafuta, afunsidwe poyera pabwalo: adzadula nkhalango iti, adzapatutsa mtsinje uti, ndipo eni mundawo adzadya chiyani? Akalephera kuyankha, abwerere ndi mapepala ake. Galimoto ipatsidwe makoko ndi zotsala. Nsima ndi ya mwana.