"Demand" Si Mwano

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, pali liwu limodzi la Chingerezi limene likufuna kutigawa pakati, ndipo ife taona kuti nkwabwino tilikambe poyera tisanatumize kalata yathu ya mlatho ku boma. Liwulo ndi "demand". Ena mwa akuluakulu athu akuti tikalilemba ndiye kuti tachita mwano, bwana wa ofesi adzapsa mtima ndi kuponya kalatayo m'dengu. Iwo afuna tizilemba "we humbly request", ndiko kuti tikupempha modzichepetsa. Ife tikukana, ndipo zifukwa zathu ndi izi.

Mngerezi akafuna chinthu kwa mnzake ali ndi mawu angapo, ndipo sawasokoneza. "Request" ndiko kupempha. Wopempha adziwa kuti chinthucho si chake. Mwini wake akhoza kumpatsa, akhozanso kummana, ndipo akammana palibe mlandu. Ukapita kukabwereka khasu kwa mnzako umayamba ndi odi, nukhala pansi, nufunsa za ana, kenaka nkutchula khasulo. "Order" ndiko kulamula, mawu a kapitawo kwa anthu a pa esiteti kapena a sajeni kwa asilikali. Koma "demand" si kupempha, ndiponso si kulamula. Ndi liwu la munthu amene akufuna chake chimene chili m'manja mwa wina. Taganizani munthu wa ganyu amene wapalira ndime yake yonse, dzuwa lapendeka, waima pakhomo pa mwini munda. Kodi ameneyo akupempha? Iai. Kodi akulamula? Iai. Akulonjerera chake, monga timalonjerera ngongole. Angathe kuvula chipewa ndi kulankhula mofatsa, koma sachoka pakhomopo chimanjamanja, ndipo mudzi wonse udziwa kuti wolakwa ndi amene akumana.

Amene akuti liwuli ndi chipongwe akaone ndalama za pepala za Bank of England. Pamenepo padalembedwa kuti bankiyo ikulonjeza kulipira wogwira pepalalo "on demand", ndiko kuti nthawi iliyonse imene iye wabwera kudzafuna. Kale munthu ankapita nalo pepalalo nkukatenga golide. Banki yaikulu chotero siikadasindikiza mawu otukwana pa ndalama zake. Idalemba chomwecho chifukwa idavomera kuti ili ndi ngongole. Liwuli lidalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa, kumene "demander" ndi kufunsa chabe kapena kupempha. Angerezi ndiwo adalilimbitsa, nalisandutsa liwu la munthu wodziwa zake.

Ndipo adaligwiritsa ntchito kwa boma lawo lomwe. M'chaka cha 1838 anthu a ntchito ku Britain, amene ankatchedwa Chartists, adatulutsa zofuna zawo 6, zimene mpaka lero mabuku amazitcha "demands". Ankafuna kuti mwamuna aliyense wa zaka 21 aziponya voti, kuti voti ikhale yachinsinsi, kuti mmphawi naye azitha kulowa m'nyumba ya malamulo ndi kulandira malipiro, kuti zigawo za chisankho zikhale zolingana, ndi kuti chisankho chizichitika chaka ndi chaka. Mu 1842 adapereka kalata yosainidwa ndi anthu opitirira 3 miliyoni, ndipo nyumba ya malamulo idaikana. Koma voti yachinsinsi idabwera mu 1872, malipiro a aphungu mu 1911, voti ya amuna onse mu 1918. Mwa zisanu ndi chimodzizo, chimodzi chokha, cha chisankho cha chaka ndi chaka, ndicho sichidachitike.

Tsono mantha athuwa adachokera kuti? Adachokera m'kalasi. Sukulu za nthawi ya atsamunda zinkaphunzitsa mwana kuyamba kalata ndi "I beg" ndi kutsiriza ndi "your obedient servant", kapolo wanu womvera. Mwana ankaloweza mawuwo ngati katekisimu, nakula nawo, nawapatsira ana ake. Chingerezi chimene tidalandira chidali cha pakhomo la kukhitchini, cha munthu wogwira chipewa m'manja. Mawu a munthu woima chilili adatsala m'dikishonale.

Akuluakulu athu akuti mawu okoma adatulutsa njovu m'munda. Inde, mwambiwo ndi woona, ndipo ife sitikuti tizilemba mokalipa. Koma tikumbuke chaka cha 1953. Mafumu a Nyasaland adawoloka nyanja kupita ku London ndi pempho lawo kwa Mfumukazi kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisabwere. Adapita mwaulemu wonse, ndipo sadaloledwe ngakhale kuonana naye. Chitaganya chidakhazikitsidwa chaka chomwecho. Njovu siidatuluke m'munda. Idatuluka pamene anthu adaleka kupempha kuti chitaganya chiwakomere mtima, nayamba kunena ndi liwu limodzi kuti tikufuna kutulukamo. Zidatengera kumangidwa kwa anthu ambiri ndi imfa za ena mu 1959, zidatengera chisankho cha 1961, ndipo chitaganyacho chidatha pa 31 December 1963. Ulemu wa mafumu aja sudali wolakwa. Chovuta chidali chakuti pempho limasiyira wopemphedwayo ufulu wonse wokana.

Koma tili nawonso mawu kwa anyamata athu, pakuti ena a iwo alikonda liwuli mopitirira. Amva kukoma kwake pakamwa, ndipo tsopano chilichonse ndi "we demand": mpira wa timu, "we demand", galimoto yopita ku maliro, "we demand". Uku ndi kulibunthitsa ngati nkhwangwa yodulira miyala. Mpira palibe amene ali nawo ngongole kwa inu. Umenewo pemphani, ndipo akakupatsani thokozani. Musanalembe "demand" dzifunseni ngati mungathe kuloza pamene ngongoleyo idachokera: msonkho umene tidakhoma, lamulo limene lidalembedwa, kapena lonjezo limene lidanenedwa pa msonkhano anthu akumva. Dzifunseninso kuti kumbuyo kwa liwulo kuli anthu angati. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mlembi yekha akalemba "we demand" kumbuyo kwake kulibe munthu, kalaliki amangoseka, ndipo kalata yotsatira sadzaiopanso.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kamatichititsa manyazi. Ambiri amalemba "we demand for a bridge". Kumeneko nkulakwa. Likakhala mneni liwuli silifuna "for", timangoti "we demand a bridge". Koma likakhala dzina ndi pamene "for" amalowa: "our demand for a bridge". Musapatse munthu wa mu ofesi mpata woseka galamala yanu nkuiwala mlatho wanu. Mnzake wa liwuli ndi "insist", ndiko kukakamira. Ameneyu amayenda ndi "on", ndipo ntchito yake imabwera pambuyo: ukanena chofuna chako iwo nakuzengereza kapena kukulozera njira ina, pamenepo ndi pamene umati "we insist on an answer", sitisuntha mpaka mutiyankhe.

Tiyese tsono nkhani ya mlatho wathu pa muyeso umenewu. Udakokoloka ndi madzi, ndipo mvula ikagwa ana a tsidya lija amajomba kusukulu, amayi apakati amanyamulidwa pa machira kuzungulira njira yaitali, chimanga ndi mtedza sizifika kumsika. Msonkho wa pamsika timakhoma tsiku lililonse la msika. Lonjezo lokonza mlathowo lidaperekedwa pamaso pa anthu ndi mafumu. Ngongole ilipo, ndipo mboni zilipo. Chifukwa chake kalata yathu idzayamba ndi moni waulemu, idzatchula lonjezo lija ndi tsiku lake, kenaka idzati "we demand that the bridge be repaired before the rains", ndipo idzatchula tsiku limene tidzabwera tokha kudzamva yankho. Tidzailembanso m'Chichewa, kuti aliyense woikapo dzina lake adziwe chimene akusainira, ndipo m'menemo tidzati tikulonjerera mlatho wathu.

Kalatayo idzawerengedwa pa msonkhano wa Loweruka pansi pa mkuyu. Apampando a midzi yonse abwere ndi anthu awo. Wosadziwa kulemba asakhale kunyumba, inki yodindira chala idzakhalapo.