UMOYO M'BANJA: Kunenepa kumene kumadza mwana akasiya mankhwala a ADHD

Kwathu kuno mawu akuti "mwanenepa" ali ngati moni. Tikakumana ndi munthu amene sitinamuone kwa miyezi ingapo, kaya pa msika wa ku Zambia Compound kaya pakhomo la tchalitchi Misa itatha, timamuuza mawu amenewa pomuyamikira, iyenso nkumwetulira. Zaka zija matenda a Edzi adatilanda abale ambiri, kuwonda kudasanduka chinthu choopsa, ndipo thupi lodzaza lidakhala umboni wakuti munthu ali bwino. Mwa ichi, nkhani ya mwezi uno ingadabwitse ena. Tikambirana za kunenepa kumene kumadza mwana, kapena munthu wamkulu, akasiya kumwa mankhwala a vuto lotchedwa ADHD. Kunenepa kumeneku kwina nkwabwino, kwina nkofunika kukuyang'anira, ndipo makolo ayenera kudziwa kusiyanitsa.

ADHD nchiyani?

Tonse timamudziwa mwana amene sakhazikika pansi. M'kalasi sachedwa kuchoka pa mpando, amayankha funso lisanathe, amataya pensulo tsiku ndi tsiku, ndipo mukamutuma zinthu zitatu ku kantemba amabwera ndi chimodzi. Ana onse amasewera ndi kuiwala, koma mwa ena khalidweli limapitirira muyeso: limakhala miyezi 6 kapena kuposa, limayamba mwana asanakwane zaka 12, limaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo limamulepheretsa kuphunzira ndi kukhala bwino ndi anzake. Apo ndiye madokotala amayamba kuganizira za ADHD.

Vutoli si lachilendo. Dokotala wa ana wa ku London, George Still, adalongosola za ana otere mu 1902, ngakhale kuti dzina lakuti ADHD lidakhazikika mu 1987. Kafukufuku wa mu 2007, amene adasonkhanitsa zopezeka m'maiko ambiri, adaonetsa kuti ana pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse ali nalo. Gwero lake lili m'kagwiridwe ka ntchito ka ubongo, ndipo kawirikawiri limayenda m'magazi a pamtundu. Mwana wotere sanalodzedwe, ndiponso amayi ake sanalephere kulera.

Woyenera kugamula kuti mwana ali ndi ADHD ndi dokotala wophunzira za matenda a ana kapena a maganizo. Ife a ku Kafue tili ndi mwayi poti Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha. Kumeneko kuli chipatala cha Chainama Hills, chimene chidatsegulidwa mu 1962, ndi chipatala chachikulu cha UTH. Njira yake ndi kuyambira ku kiliniki yapafupi, nkulandira kalata yotumizira.

Mankhwala amene amatseka njala

Mu 1937, dokotala wina wa ku Rhode Island, m'dziko la America, dzina lake Charles Bradley, adapatsa ana ovuta khalidwe mankhwala otchedwa Benzedrine. Adadabwa kuona kuti mankhwala amene amagalamutsa munthu wamkulu adawakhazikitsa pansi anawo, nayamba kulimbikira maphunziro. Mu 1944, katswiri wa ku Basel, ku Switzerland, Leandro Panizzon, adapanga methylphenidate, amene adadzatchedwa Ritalin potengera dzina la mkazi wake, Rita. Mpaka lero methylphenidate ndiye mankhwala odziwika kwambiri a ADHD.

Mankhwalawa amachulukitsa timadzi tiwiri timene timanyamula uthenga mu ubongo, dopamine ndi noradrenaline. Timadziti tikakwanira, mwana amatha kusunga maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudziletsa. Komatu timadzi tomweti timakhudzanso njala. Nchifukwa chake mwana amene wamwa mbulu wake m'mawa amabwera nacho chakudya chimene adanyamula kusukulu osachikhudza, masana nkungotola nsima pang'ono, koma usiku, mphamvu ya mankhwala itatha, nkumasaka mkute m'mapoto.

Zotsatira zake zimaoneka pa sikelo. Ku America ndi ku Canada kudachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MTA, wa ana 579 a zaka 7 mpaka 9, amene zotsatira zake zoyamba zidatuluka mu 1999. Patapita zaka 3, ana amene adayamba mankhwala pa nthawi ya kafukufukuyo adatsalira ndi masentimita pafupifupi 2 pa msinkhu ndi makilogalamu pafupifupi 2.7 pa kulemera, poyerekeza ndi anzawo osamwa mankhwala. Ichi sichitanthauza kuti mankhwalawa ngoipa. Athandiza ana ambiri kumaliza sukulu ndi kukhala mwamtendere pabanja. Chimene tikuphunzirapo nchakuti mwana amene wawamwa zaka zingapo amakhala ndi thupi locheperapo kuposa limene akadakhala nalo.

Chimachitika nchiyani akasiya?

Zifukwa zosiyira nzambiri. Mwina dokotala waona kuti mwana wakula ndipo atha kudzilamulira. Mwina mwana akulephera kugona kapena wawonda mopitirira. Mwina ndalama zathera m'njira, kapena mankhwala asowa. Mwinanso ndi mnyamata wa ku sekondale amene watopa nkufunsidwa ndi anzake chifukwa chake amamwa mapiritsi tsiku lililonse. Mulimonse mmene zingakhalire, pali zinthu zitatu zimene zimakumana pamodzi.

Choyamba, njala imene idatsekedwa imabwerera, nthawi zina mwamphamvu, ndipo thupi limafulumira kubweza zimene lidatsalira. Chachiwiri, kulephera kudziletsa kuja kumabwereranso, tsono kumafika ndi pa mbale pomwe: mwana amadya mothamanga, sazindikira msanga kuti wakhuta, ndipo akangoona chitumbuwa dzanja latambasuka kale. Ubongo wa munthu wa ADHD umakonda chimene chimakondweretsa pompano, ndipo shuga ndi zokazinga zimachita zomwezo. Chachitatu, masiku oyamba ena amamva kutopa, kugona kwambiri ndi kusakondwa, kotero kuti amayenda pang'ono pamene akudya zambiri.

Mu 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins adafalitsa zimene adapeza m'mabuku a chipatala a ana oposa 160,000 a ku Pennsylvania. Adaona kuti ana amene adayamba mankhwalawa ali aang'ono, nawamwa nthawi yaitali, ankalemera pang'onopang'ono poyamba, koma pofika unyamata kulemera kwawo kudakwera mofulumira mpaka kupitirira anzawo. Kafukufuku wina wa mu 2016 adaonetsa kuti mwa akuluakulu 100 a ADHD, pafupifupi 28 adali onenepa kwambiri, pamene mwa 100 opanda vutoli adali 16. Apa tikuona kuti ADHD payokha imakokera munthu ku kunenepa, ndipo mankhwala aja ankangophimba chikokacho.

Kusiyanitsa kuchira ndi kupitirira

Dziko lathu lasenza mitolo iwiri nthawi imodzi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 adapeza kuti ana 35 mwa 100 osakwana zaka 5 adali opinimbira. Koma kafukufuku wa mtundu womwewo adaonetsanso kuti amayi olemera mopitirira muyeso adachoka pa 12 mwa 100 mu 2001 ndi 2002, kufika pa 23 mwa 100 mu 2013 ndi 2014. M'matauni ngati Kafue, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi salinso a anthu olemera okha. Tsono mwana akayamba kudzaza atasiya mankhwala, tisathamangire kukondwa, tisathamangirenso kuda nkhawa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Maso amanama, sikelo sinama. Ambiri a ife timaleka kupimitsa mwana kadi ya sikelo ikatha pa zaka 5. Mwana amene akumwa kapena wasiya mankhwalawa ayenera kupitiriza. Malangizo a madokotala a ku Britain a mu 2018 amati mwana wa zaka 10 kapena kucheperapo amene akumwa mankhwalawa apimidwe kulemera miyezi 3 iliyonse, ndi msinkhu miyezi 6 iliyonse. Nkwanzeru kupitiriza chimodzimodzi chaka choyamba atasiya. Gulani kabuku, lembani tsiku, makilogalamu ndi masentimita, ndipo muzikanyamula popita kuchipatala. Ngati mwana adali wowonda, nalemera kwa miyezi ingapo, kenaka kulemerako nkuyamba kuyendera limodzi ndi msinkhu, ndiye kuti thupi labweza ngongole yake. Koma ngati makilogalamu akungokwera mwezi ndi mwezi pamene msinkhu waima, zovala nkumathina m'chiuno mokha, nthawi yakwana yokaonana ndi dokotala.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira: ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kutupa mapazi, kupuma mobanika, kudya mobisala kenaka nkudzisanzitsa, ndi chisoni chachikulu chofika polankhula za kufa. Kumbukiraninso kuti mankhwala ena amanenepetsa paokha, monga risperidone, amene amapatsidwa kwa ana ena ovuta khalidwe, ndi sodium valproate wa matenda a khunyu. Muuzeni dokotala mankhwala onse amene mwana akumwa, koma musamusiyitse nokha ngakhale amodzi.

Zimene banja lingachite

Mwana wa ADHD amathandizika ndi dongosolo kuposa ndi ulaliki. Chakudya chikhale ndi nthawi yake: phala la nsinjiro kapena mbatata m'mawa asanapite kusukulu, nsima masana ndi madzulo, ndi kachakudya kamodzi pakati, monga nthochi, gwafa, chimanga chowotcha kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi. Mwana amene wachoka pakhomo ndi njala ndiye amathera ndalama yake pa machipisi ndi tizakudya ta m'mapaketi. Ngati nkotheka mupatseni chakudya chonyamula m'malo mwa ndalama.

Ndiwo zabwino sitisowa. Mtsinje wa Kafue uli pakhomo pathu ndi nsomba zake. Pa msika pali kapenta, nyemba, chibwabwa, kalembula, lepu ndi therere. Masamba achuluke m'mbale, mafuta ophikira achepe, ndipo ufa wa mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Mugawireni mbale yakeyake kuti aone kuchuluka kwa chimene akudya, ndipo akapempha zina adikire kanthawi, pakuti uthenga wakuti mimba yakhuta umachedwa kufika ku ubongo. Wailesi ya kanema ndi foni zizimitsidwe nthawi ya chakudya.

Chenjerani ndi zakumwa. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga patsiku, ndiye kuti masupuni aang'ono 12, ndipo theka lake ndilo labwino koposa. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemera limamaliza muyeso wonsewo. Shuga wa m'dziko muno, monga wa ku Nakambala kwa anansi athu a ku Mazabuka, adayamba kuikidwa vitamini A mu 1998, koma akadali shuga basi. Masupuni 4 m'kapu ya tiyi si mankhwala.

WHO imanenanso kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa thupi ntchito mphindi 60 tsiku lililonse. Mpira, kupalasa njinga, kulima kadimba, kuvina ndi kuyenda wapansi kupita kusukulu, zonsezi zimawerengedwa, ndipo zimathandizanso kukhazikitsa maganizo. Tulo nato nto funika: mwana wogona mochedwa amadzuka ndi njala ya zotsekemera. Koma zonsezi zichitike ndi banja lonse. Sizingatheke kumuletsa mwana mmodzi vitumbuwa pamene atate ndi achimwene ake akudya pamaso pake.

Zimene sitiyenera kuchita

Tisamubwezere mwana pa mankhwala ndi cholinga chakuti awonde. Ngati maphunziro ayambanso kusokonekera, imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi dokotala. Koma thupi lokha si chifukwa. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera pa pangano la maiko la ku Vienna la mu 1971, chifukwa munthu atha kuwazolowera molakwika, ndipo amakweza kuthamanga kwa mtima ndi kwa magazi. Kuno kwathu bungwe la ZAMRA ndi la DEC ndiwo amayang'anira mankhwala otere. Kugula kwa munthu wamba, kubwereka kwa mnzako kapena kumwa otsala a mwana kuti uchepetse thupi nkudziika pa ngozi ndiponso nkuphwanya lamulo. Tipewenso matiyi ndi mapiritsi "ochepetsa mimba" amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, pakuti wogula sadziwa chimene chili m'katimo.

Tisamumane mwana chakudya, ndiponso tisamuchititse manyazi. Ngakhale kusala kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, Mpingo umakulamula kwa oyambira zaka 18, ndipo sikudaikidwe kuti kukhale njira yochepetsera thupi. Mwana wa ADHD wamva kale mawu ambiri omunyoza: wosamva, waulesi, wamutu wouma. Tikawonjezapo "chimbalanga" kapena "chidyamakanda cha nsima", tamutsekera pakona, ndipo ambiri otere amathawira ku chakudya chomwecho kuti adzitonthoze. Agogo, azakhali ndi aphunzitsi auzidwe bwinobwino chimene chikuchitika, kuti wina asamamudzazire mbale pomumvera chisoni pamene wina akumulanda.

Kwa akuluakulu amene asiya mankhwalawa, malangizo ndi omwewa: pimani kulemera kamodzi pamwezi, pimitsani shuga ndi kuthamanga kwa magazi ku kiliniki, ndipo yendani kapena gwirani ntchito yotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Pomaliza, a m'miphakati yathu, pakati panu pangakhale banja limene likulimbana ndi zimenezi mwakachetechete, poopa kuti anthu adzati mwana wawo ngwamisala chifukwa adapita ku Chainama. Lamulo la dziko lino la za umoyo wa maganizo la mu 2019 limateteza ulemu wa anthu otere, koma ulemu weniweni umayambira pa anansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muitaneni ku mpira wa achinyamata, muperekezeni mayi wake ku sikelo, ndipo funsani musanaweruze. Tikumanenso mwezi wamawa.